Tsiku Limene Adadi Anakanira Galaja ya Azakhali

Tucson, Arizona
9 Febuluwale 1987

Wokondedwa mwana wanga Paulette,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, Gary ndi atsikanawo. Ine ndilipo, bondo lokha ndi limene likundikumbutsa zaka. Ndamva pa wailesi kuti ku Dubuque kwazizira mpaka mtsinje waundana. Kuno dzulo ndathirira malalanje nditavala malaya a manja aafupi. Sindikunena izi kuti ndikupweteke mtima.

Amalume ako a Ruben akupezako bwino pang'ono. Sitiroko ija inawafoola mwendo ndi mkono wa kumanja, mawu akutuluka amodziamodzi, koma mutu ukugwira. Anawatulutsa m'chipatala, tsopano ali kunyumba yosamalira odwala kumene akuwaphunzitsa kuimirira. Adokotala ati sangawalole kubwerera kwawo pokhapokha patakhala chipinda chogona ndi bafa pansi. Nyumba zathu ukuzidziwa: zipinda zonse zili pamwamba, pansi pali khitchini, pabalaza ndi galaja basi.

Ndiye azakhali ako a Arlene akufuna kusandutsa galaja yawo kukhala chipinda. Ang'ono ake a Ruben ndi amisiri, ati agwira okha ntchitoyo. Vuto ndi malamulo a bungwe lathu la eni nyumba. Galaja siisinthidwa popanda chilolezo cha komiti, ndipo galimoto imayenera kugona mkati.

Usade nkhawa. M'komitimo tilimo asanu, ine ndine mlembi. Wapampando ndi a Clifford Draper, aja ankagulitsa inshuwalansi ku Omaha. Iwo ndi mnzawo Vern Tuttle akana ndithu. Akuti tikalola mmodzi, aliyense asandutsa galaja, msewu udzadza magalimoto, nyumba zitsika mtengo. Koma mayi Maxine Pell ndi mayi Opal Hutchins ali mbali yathu. Ndi ine tikhala atatu.

Misonkhano yathu siili ngati kale, pamene anthu ankangokalipirana mpaka mkulu wina anagenda mpando pa nkhani ya galu. Ndinawakakamiza kuti tiziyendetsa zinthu ngati kunyumba ya malamulo. Munthu amapereka ganizo, wina aliikire kumbuyo, tikambirane mosinthana, kenako tikweze manja. Pempho likakanidwa silibweranso mpaka chaka chitatha. Lamulo limenelo ndinalemba ndekha, potopa ndi bambo wina amene ankabwera mwezi uliwonse ndi nkhani ya mpanda wake.

Nkhani ya Arlene ilowa pa 5 Malichi. Undilembere za kumeneko, ndipo unditumizireko njere za tomato uja malemu amayi ako ankadzala.

Ndine bambo ako,
Norbert

Dubuque, Iowa
20 Febuluwale 1987

Okondedwa Adadi,

Tili bwino tonse. Gary akugwira ntchito masiku anayi okha pa sabata, kufakitale zinthu sizikuyenda, koma tikudya. Kristen wagulula dzino, Beth akuti mumutumizire chithunzi cha mbalame ija imathamanga m'malo mouluka. Njere ndaika m'kapepala, musazitaye pamodzi ndi envelopu.

Ndaseka nditawerenga za misonkhano yanu. Mwasiya ana a sukulu, tsopano mukuphunzitsa okalamba kukweza dzanja asanalankhule. Amayi ankati ngakhale pa tebulo la Khirisimasi munkafuna wina aikire kumbuyo tisanadule nkhukundembo.

Koma zoona, Adadi, munthu apemphe chilolezo kuti mwamuna wake agone m'nyumba yake yomwe? Ine sizikundilowa. Mwayi wake mulimo inu. Muwapatse moni azakhali, muwauze kuti tikuwapempherera amalume.

Mwana wanu,
Paulette

Tucson
6 Malichi 1987

Paulette mwana wanga,

Ndikhulupirira ana ali bwino. Ine sindili bwino, ndipo sindizungulira. Adadi ako anandikana pamaso pa anthu dzulo.

Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, ndinaphikanso keke ya mandimu kuti anthu adye ndi khofi. Msonkhano unali m'kaholo ka pafupi ndi dziwe losambira. Nditalowa ndinaona mpando wa Opal Hutchins uli wopanda munthu. Akuti mwana wake wachira msanga ku San Diego, ndiye anakwera basi Lachiwiri, abwera kumapeto kwa mwezi. Koma ndinati palibe kanthu, Norb alipo.

Poyamba anayesadi. Anaimirira n'kunena kuti, "A wapampando, ndikupereka ganizo loti nkhaniyi idikire mwezi wamawa." Maxine anaikira kumbuyo. Manja awiri uku, awiri uku. Draper anamwetulira n'kuti, "Manja akalingana ganizo lagwa. Si choncho, alembi? Munatiphunzitsa ndinu." Norb anangoti, "Ndi choncho."

Ndiye anandipatsa mpata wolankhula. Draper anaika pa tebulo kawotchi kaja kophikira mazira. Ndinayamba kufotokoza za Ruben, kuti ndi iye anakonza mpope wa dziwe ulere chaka chija unaphulika, kuti tsiku lililonse amandifunsa za kunyumba. Ndisanafike pa nkhani ya galajayo kawotchi kanalira. Ndinati, "Cliff, sindinamalize." Anamenya kanyundo kake. "Mayi Salcido, nthawi yanu yatha." Mayi Salcido! Munthu amene amadya tamale, timikate tanga ta chimanga tija, kunyumba kwanga Khirisimasi iliyonse.

Vern Tuttle ndiye analankhula nthawi yaitali, iye kawotchi sanamuikire chifukwa ndi wa komiti. Akuti, "Ruben ndimamukonda, koma lero ndi Ruben, mawa ndi wina wofuna kuika mwana wake wa lova m'galaja ndi ng'oma zake." Ndinayankha ndili pampando kuti, "Iwe Vern, galaja yako yadzaza mabokosi, galimoto yako imagona panja Loweruka lililonse." Kanyundo kanaliranso.

Kenako mavoti. "Ovomera?" Maxine anakweza dzanja. Ndinayang'ana Norb. Anali kulemba. "Okana?" Draper. Tuttle. Ndiye dzanja la mlongo wanga linakwera, pang'onopang'ono, maso ali pa pepala. Ine amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato. Atatu kwa mmodzi. Mpaka chaka chamawa.

Panja ndinamugwira malaya. "Norb, wachita chiyani?" Akuti, "Arlene, nkhani za komiti sindikambira poimika magalimoto." Nthawi yomweyo Draper anadutsa, n'kumusisita paphewa. "Ndakulemekezani, a Hoeffel. Mwaika lamulo patsogolo pa chibale."

Mbale ya keke ndinaisiya komweko. Aitenge amene akuifuna.

Ruben sindinamuuze. Sindikudziwa poyambira.

Azakhali ako,
Arlene

Dubuque
11 Malichi 1987

Adadi,

Tili bwino. Ndalandira kalata ya azakhali. Ndinakuimbirani foni Lamlungu kawiri, simunayankhe, ndipo ndikudziwa kuti Lamlungu masana simupita kulikonse.

Ndiuzeni kuti azakhali sanaone bwino. Ndiuzeni kuti munakweza dzanja kuti mufunse funso. Munandilembera nokha kuti muli mbali yawo. Ngakhale mavoti akadagwa, bwenzi ataona kuti mlongo wawo anaima nawo. Amalume a Ruben ndi amene anayendetsa galimoto kuchoka ku Arizona mpaka kuno amayi atamwalira, n'kukhala nanu sabata zitatu mukukana kudya. Ndi iwo anakupezerani nyumba imene mukukhalayo.

Gary akuti mwina a Draper akulonjezani mpando. Ndamukalipira, koma pogona ndinaziganizira. Ndili mwana munandilepheretsa mayeso a mbiri ya dziko chifukwa ndinachedwa kupereka pepala, kuti anthu asanene kuti mukukondera mwana wanu. Ndinakukhululukirani kalekale. Koma apa si pepala la mayeso.

Ndiyankheni.

Paulette

Tucson
18 Malichi 1987

Paulette,

Kalata yako yafika. Ndili bwino. Tomato wamera, koma dzuwa la kuno likumuwotcha, ndamuikira kansalu. Chithunzi cha Beth ndatumiza padera.

Pa nkhani inayo, azakhali ako anaona bwino. Ndinavota mokana. Sindingalembe zambiri pano. Usaimbe foni, ukungotaya ndalama.

Bambo ako

Tucson
26 Malichi 1987

Paulette,

Zikomo chifukwa cha khadi ndi zojambula za atsikana, ndazimata pakhoma pafupi ndi bedi la amalume ako.

Ndinamuuza Ruben. Ndinapirira sabata imodzi, koma tsiku lililonse ndikangolowa amati, "Kunyumba?" Ndi mawu amene amatuluka bwino kuposa onse. Lachisanu lija ndinakhala pabedi n'kuti, "Ruben, akana. Tidikira chaka chamawa." Anandiyang'ana. Kenako anati, "Norb?" Zaka zonse za ukwati wathu sindinamunamizepo, sindikanayamba tsiku limenelo. Anatembenukira kukhoma.

Kuyambira pamenepo wasiya zolimbitsa thupi. Mtsikana amene amamuphunzitsa kuyenda amabwera ndi kampando kake koyendera, iye amangotseka maso. Anali atayamba kufika pakhomo la chipinda ndi kubwerera. Mtsikanayo wandiuza kuti miyezi yoyambirirayi ndi imene mwendo umadzuka, ikadutsa zimavuta. Lolemba amusamutsira mbali ya okhalitsa, kumene anthu amangoyang'ana wailesi ya kanema yosatsegula mawu.

Ndaitana munthu wogulitsa nyumba kuti adzaone yathuyi. Akuti msika wafa, ndidikire.

Adadi ako analowetsa kapepala pansi pa chitseko, akuti ndibwere ku msonkhano wa Epulo. Ndikatani? Ndikaphikenso keke? Ndinakang'amba. Tikakumana pa mabokosi a makalata ndimayang'ana kuphiri.

Azakhali ako,
Arlene

Tucson
3 Epulo 1987

Wokondedwa Paulette,

Ndikhulupirira muli bwino. Tsopano ndingathe kukuyankha. Komiti yavomera dzulo, atatu kwa awiri. Amisiri ayamba Lolemba.

Ndikufotokozere mwa dongosolo. Pa 5 Malichi Opal kunalibe. Ndikadavomera, manja akadalingana awiri awiri, ndipo pempho likadagwabe, n'kutsekeka chaka chathunthu. Khomo linalipo limodzi lokha. Malamulo athu amati nkhani yogamulidwa ingathe kuunikidwanso pa msonkhano womwewo kapena wotsatira, koma wopempha zimenezo akhale munthu amene anavota ndi mbali yopambana. Draper ndi Tuttle sakadapempha. Panafunika wachitatu wokana. Ndinaganiza zimenezi pamene Vern ankalankhula za ng'oma, ndipo ndinalibe nthawi yofunsa munthu.

Ufunsa chifukwa chimene sindinawauzire azakhali ako. Pempho lounikanso limaloledwa kamodzi kokha. Draper akadanunkhiza, akadaitanitsa msonkhano wapadera Opal asanabwere, Vern akadapereka pempholo mwadala, n'kulikana okha, khomo n'kutsekeka. Draper si wopusa, buku la malamulo ali nalo. Ndipo azakhali ako ukuwadziwa. Akadadziwa Lachinayi, pofika Loweruka ku saluni konse akadamva, ndipo mkazi wa Vern amakonzetsa tsitsi komweko. Iwenso ndikadakuuza, ukadawaimbira foni kuti uwatonthoze.

Dzulo titamaliza kuwerenga za msonkhano wapita, ndinaimirira. "A wapampando, monga mmodzi wa amene anavota mokana, ndikupempha kuti nkhani ya galaja ya a Salcido iunikidwenso." Maxine anatsala pang'ono kutaya khofi. Mwezi wonse nayenso samandipatsa moni. Anakuwa kuti, "Ndaikira kumbuyo!" ngati ali ku mpira.

Draper anafiira. Anatsegula buku, anatembenuza masamba, kenako anati, "A Hoeffel, inu ndi mlongo wake wa wopempha. Simukuyenera kuvota pa nkhaniyi."

Ndinati, "Cliff, mwezi watha ndinali mlongo wake yemweyu, ndipo unandisisita paphewa. Lamulo limaletsa amene apindule ndalama. Ine ndipindula chiyani, fumbi la simenti?"

Vern anati, "Uku ndi kuba masana." Ndinamuuza kuti akafuna ndilemba mawu akewo m'maminitsi momwe wawanenera. Anati ndisalembe.

Chimene sindinayembekeze ndi Opal. Draper anali atamuyendera atangobwera, ndipo anayamba kukayika. Anati, "Ine Ruben ndikumumvera chisoni, koma za Cliff zilinso ndi nzeru. Nanga nyumbayo ikadzagulitsidwa?" Ndinaona kuti atithawa. Ndiye ndinapereka kusintha kwa ganizo: chilolezo chikhale cha Ruben yekha, ndipo tsiku limene sadzachifunanso chipindacho, galaja ibwezeretsedwe pasanathe miyezi itatu. Opal anati, "Zikatero ndavomera." Sindinakonde kulemba mawu amenewo, koma popanda iwo sitikadapambana.

Arlene sanabwere. Ndinapita kunyumba kwake ndi pepala losainidwa. Anatsegula chitseko tcheni ali chikolekere, anawerenga, ndinamufotokozera zonse monga ndakufotokozera iwe. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anati, "Wamaliza? Ruben ndinamuuza kale. Pita ukamuone mmene alili, ukamufotokozerenso za mbali yopambanayo."

Ndapita m'mawa uno. Sindinkadziwa kuti anamusamutsa. Mwezi wonse sindinapiteko, ndinkaopa kuti akandiyang'ana m'maso ndiulula. Watha thupi, Paulette. Ndinamuwerengera pepalalo kawiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Liti?"

Ndinawerengera manja a anthu asanu. Zoti Arlene amuuza Ruben sindinaziwerengere.

Bambo ako,
Norbert

Dubuque
10 Epulo 1987

Adadi,

Tili bwino, chisanu chasungunuka, pabwalo ndi matope okhaokha. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Koyamba ndinalira. Kachiwiri ndinaseka za a Vern. Kachitatu ndinakwiyanso.

Pepani pa za mpando zija, Gary nayenso akupepesa. Koma Adadi, mukadangolemba kuti, "Ndikhulupirireni, dikirani mwezi umodzi." Mawu anayi okha, kwa azakhali kapena kwa ine. Si kuulula kumeneko. Inu munatilembera za tomato.

Mwina mukunena zoona kuti ndikadaimba foni. Sindikudziwa. Mwachita chinthu chabwino, ndipo mwachichita moti tonse tapwetekedwa. Muzipita kwa amalume tsiku lililonse, azakhali akuthamangitseni kapena ayi.

Mwana wanu,
Paulette

Tucson
16 Novembala 1987

Paulette mwana wanga,

Ndikhulupirira munafika bwino ndipo atsikana sanakusoweni kwambiri. Zikomo pobwera ku maliro a amalume ako. Ndikudziwa kuti ulendowo sunali wophweka kwa inu chaka chino. Makadi a anthu ndikuyankha pang'onopang'ono.

Wandifunsa m'kalata yako ngati ine ndi adadi ako tikulankhulana, poti unaona kutchalitchi tinakhala benchi limodzi osayang'anana. Ndikuyankha.

Kuyambira Meyi, pamene Ruben anabwera kunyumba pa njinga ya olumala, Norb sanajombe m'mawa ngakhale umodzi. Ankabwera kudzamunyamula, kumusambitsa, kumumeta ndevu. Masana ankaonera limodzi mpira wa ndodo, Norb akukangana ndi oimbira, Ruben akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ruben anamukhululukira sabata yoyamba yomweyo. Ine ayi. Miyezi yonseyo mawu anga kwa iye anali "gwira apa", "thaulo lili uko", "tseka chitseko". Khofi ndinkamuikira pa tebulo osamuuza.

Ruben sanayendenso. Ndinawafunsa adokotala ngati akadayenda akadapanda kusiya zolimbitsa thupi mwezi uja. Anati palibe angadziwe. Ndinawafunsanso ulendo wina, yankho lomwelo. Ndiye nthawi zina ndinkamuyang'ana Norb akumuveka masokosi n'kumati, mwendo umenewo unaupha ndiwe. Nthawi zina ndinkati, popanda iye bwenzi munthuyu akufera kuja, pakati pa anthu osamudziwa. Anamwalira pabedi lake, zenera lili lotsegula, akumva fungo la nyemba zanga zikupsa kukhitchini. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo sindinadziwe poziika.

Lachisanu lapitali anagogoda. Anali ndi envelopu ya bungwe m'dzanja limodzi, bokosi la zida m'dzanja linalo. Ndi kalata yondikumbutsa kuti galaja ibwezeretsedwe pasanathe miyezi itatu. Komiti inamuuza mlembi kuti alembe, ndipo mlembi ndi iye. Pansi pake pali siginecha yake.

Anati, "Sindinafune kuti uipeze m'bokosi la makalata. Ntchitoyo ndigwira ndekha, tsiku limene unganene. Sikuti lero."

Ndinati, "Nanga zidazo wanyamuliranji?"

"Sindinadziwe chochita ndi dzanja linali."

Ndinamuuza kuti aike bokosilo pansi. Tinalowa m'chipinda cha Ruben. Bedi anabwera kudzatenga a kuchipatala, mwatsala mipando iwiri ndi zojambula za atsikana ako pakhoma. Tinakhala. Norb wakalamba, Paulette, sindinkamuyang'ana ndiye sindinaone.

Ndinamufunsa chimene ndakhala ndikufuna kumufunsa chiyambire Epulo. "Norb, Opal akadakana, ukadatani?"

Anati, "Ndikadakhala munthu amene anakana mlongo wake, basi. Ukadamva zifukwa zanga, sukadakhulupirira."

"Ndipo unaona kuti ukandiuza ndikalankhula."

"Eya."

"Sukupepesa?"

"Ndikupepesa za Ruben. Ndikadapita kukamuona. Ndikadapeza chomuuza. Koma iwe ukadalankhula, Arlene."

Ndinafuna kumugenda ndi kapu. Kenako ndinakumbukira kuti tsiku lotsatira msonkhano uja ndinapitadi ku saluni, ndipo mkazi wa Vern anali pampando woyandikana nane, mutu uli m'chowumitsira. Ndinamuuza zonse zimene zinali mumtima mwanga, kuyambira za mwamuna wake mpaka za makatani ake. Akadanditsina khutu Norb, ndikadapirira mwina mpaka atandichotsa zopiringira tsitsi. Kenako ndikadati, "Sekani lero, tionana mu Epulo."

Ndinati, "Ndikadalankhuladi."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, nthawi yaitali, ngakhale anali oyera.

Khoma la chipindacho tigwetsa Khirisimasi ikadutsa. Ndamuuza kuti abwere kudzadya Lamlungu, ndipo asabweretse pepala lililonse.

Uwapsompsone atsikana.

Azakhali ako,
Arlene